Mlandu wa Miyendo ya Mbozi

Padangokhala, padangotero. Vomerani kuti tili tonse, ndisalowe ndekha m'dimba la eni.

Kale, masiku amene kabichi mmodzi ankadzaza dengu yekha, kudali dimba la mayi wina dzina lake Nangozo. Nangozo ankaganiza kuti dimbalo n'lake. Tizilombo ta m'menemo tinkangomuseka, poti kwa ito mayiyo adali wantchito wobwera kudzathirira basi.

Tizilomboto tidali mitundu iwiri. Mtundu woyamba udali wa a miyendo isanu ndi umodzi. Kuti akuvomere mumtundu umenewu ankakugoneka chagada n'kukuwerenga: thupi la magawo atatu, mutu, chifuwa ndi mimba, tinyanga tiwiri pamutu, miyendo isanu ndi umodzi, yonse yomera pachifuwa. Za mapiko sankafunsa, ukhale nawo usakhale nawo. Bwalo lawo lidali kumtunda kwa dimba, ndipo woweruza wake adali Chiswamphika, mkulu wowonda ngati udzu, woseka msanga, wanjala nthawi zonse. Aliyense amene miyendo yake idapitirira pamenepo, akangaude, anankalizi ndi ena otero, adali wa bwalo la kumunsi, kwa mfumu Bongololo, pa mulu wa manyowa. Mabwalo awiriwa sankaweruzirana anthu. Kugwira munthu wa bwalo lina kudali kuputa nkhondo.

Lamulo lomwe onse ankalisunga lidali limodzi: idya, koma Nangozo asaone. Ndiye aliyense ankadya mwaulemu, apa pang'ono, apo pang'ono, kenako n'kupukuta pakamwa.

Kenaka kudabadwa Mbozi.

Mbozi adaswedwa kunsi kwa tsamba la kabichi, mayi ake osawadziwa, ndipo chakudya chake choyamba chidali chikamba cha dzira lomwe adatulukamo. Anansi ataona zimenezo adangoyang'anana. Mwanayo adadya, nadya, mpaka khungu lidamuthina n'kung'ambika kumsana. Adalivula ngati diresi la chaka chatha n'kupitiriza kudya. Za ulemu adazimva, koma adazimva akutafuna.

M'mawa wina Nangozo adafika, naona kabichi wake ali mazenera okhaokha. Adabwerera kumudzi, nabweranso ndi kheni yodzaza madzi a tsabola wosinja, phulusa ndi sopo, n'kuthira dimba lonse kuyambira kumtunda mpaka kumunsi. Aliyense adayetsemula. Nkhululu adasasa mawu. Chiwala adadumpha osaona, nakagunda mpanda. Nsabwe za m'masamba zidayoyoka ngati mapira, ndipo amene adalira kwambiri pamenepo ndi Nyerere, kapitawo wa bwalo la kumtunda, chifukwa nsabwezo iye ankaziweta ngati ng'ombe n'kumazikama timadzi totsekemera. Khola lake lonse lidatha tsiku limodzi.

Maso atasiya kuwawa, Chiswamphika adaitanitsa bwalo. Tsono pabwalo limenelo mwambo udali wakuti wolakwa amadyedwa ndi woweruza yemweyo. N'chifukwa chake milandu pamenepo sinkagona.

Tsamba lamazenera adaliyala pakati, ndipo aliyense adauzidwa kuti aonetse kamwa lake. Nsabwe imodzi yotsala idaonetsa kamlomo kake konga singano, niti iyo imangoyamwa, ndipo pamene yadya tsamba limakwinyika n'kuchita chikasu, koma bowo ayi. Nkhululu adanong'ona ndi mawu ake osasawo kuti iye ndi wodula, amagwetsa mbande patsinde, masamba okhwima si mbali yake. Kapuchi adati ntchito yake ndi kuboola phesi la chimanga m'kati, kabichi amangomumva kutchuka. Adatsala Chiwala, wotafuna weniweni, ndipo Chiswamphika adali atayamba kale kumuyang'ana ntchafu. Koma Chiwala adalumbira kuti iye amaluma m'mphepete n'kudumpha. Adati wodya tsambali adakhala pakati pake, adadya mpaka kutsala mitsempha yokha, ndipo adasiya timibulu tobiriwira ta ndowe. Wodumpha angasiye ndowe pamalo amodzi?

Nyerere ndi asilikali ake adatsata timibuluto mpaka mumtima mwa kabichi. Adampeza Mbozi ali m'tulo, kamwa likutafunabe.

Atamuimika pabwalo, Mbozi adaona mmene woweruza ankamezera malovu. Chiswamphika adamufunsa mokoma mtima ngati ali ndi mawu omaliza, koma afupi.

"Agogo, mawu ndilibe. Koma mwandiwerenga?"

"Kukuwerenga chiyani, mdzukulu wanga?"

"Miyendo. Mungadye mlendo, mawa a kumunsi n'kubwera ndi mikondo."

Nyerere adamugoneka chagada n'kuyamba kuwerenga. Mbozi ankati zikumunyerenyetsa, n'kumaphiriphitha, ndiye Nyerere ankasokonezeka n'kuyambiranso. Atamugwira asilikali kumutu ndi kumchira, idapezeka miyendo khumi ndi isanu ndi umodzi. Chiswamphika adawerenga yekha, akumakhudza mwendo uliwonse ngati munthu wosankha nthochi pamsika, ndipo idapezeka yomweyo. Adaseka, kuseka kwa munthu amene mbale yamudutsa pamphuno, n'kulamula kuti apite naye kwa Bongololo.

Njira yopita kumunsi inkadutsa m'bedi la mpiru. Atangolowamo, Mbozi adayambitsa nyimbo. Idali nyimbo yofunsa kuti adatsegula zenera patsamba ndani, ndipo ovomera ankayenera kuyankha kuti ndi mphepo. Inkayamba pang'onopang'ono, kenaka n'kuthamanga, ndipo pofika pa mphepopo aliyense ankayenera kupinda msana n'kuuwongola. Nyerere adaletsa asilikali ake kuvomera. Koma nyimboyo inkalowera m'miyendo, ndipo nyerere miyendo zili nayo. Wakumbuyo adayamba kung'ung'udza, wapakati adapinda msana, mapeto ake kapitawo yemwe adapezeka ali patsogolo akuvina, misozi ya ng'ombe zake isanaume. Pamene iwo ankavomera, woyambitsa nyimbo kamwa lidali pa mpiru.

Kumunsi adapeza mfumu Bongololo ikusamba mapazi, ndipo adadikira mpaka idamaliza onse. Bongololo ankadya zowola zokha, choncho olakwa a bwalo lake ankawapereka kwa Kangaude, yemwe adali atakhala kale pambali akupota chingwe. Nyerere adafotokoza mlandu. Mfumu idati tsabola uja idamumva nayonso, m'mapazi monse, ndipo idauza Kangaude kuti ayeze chingwe.

"Malume," adatero Mbozi, "mundiyang'anitsitse kaye. Ine ndine wanu?"

Adadzuka n'kuima ndi kumchira, natambasula timiyendo take ta pachifuwa, tolimba, tamfundo, tokhala ndi kachikhadabo kumapeto. Adati miyendo yake ndi imeneyi, isanu ndi umodzi, ndipo aliyense awerenge. Zinazo zakumimba adati si miyendo, ndi zitsa za mnofu zogwirira tsamba kuti mphepo isamugwetse. Adapempha mfumu kuti ikhudze yokha. Bongololo adakhudza chimodzi. Chidali chofewa ngati phala lozizira, mfundo palibe.

"Inu mphete iliyonse ya thupi lanu ili ndi miyendo inayi," adatero Mbozi. "Ine mwaiona kuti? Ndine wa kumtunda ine. Mukandipereka kwa a Kangaude, agogo anga a Chiswamphika abwera kudzafunsa, ndipo aja akabwera safunsa ndi pakamwa pokha."

Bongololo, monga ankachitira nkhani ikavuta, adadzipinda ngati nkhata, ndipo m'kati mwa nkhatamo mudatuluka mawu akuti abwerere naye kwawo.

Njira yobwerera idadutsa m'bedi la repu. Nyimbo ija idayambanso, nthawi ino ndi ndime yatsopano yofunsa kuti nanga chitseko adatsegula ndani, ndipo yankho lidali mphepo yomweyo. Kumtunda Mbozi adagona chagada n'kuonetsa yonse khumi ndi isanu ndi umodzi. Kumunsi adaima n'kuonetsa ya pachifuwa yokha. Adapita, adabwera, adapitanso. Repu atatha adadzera m'chainizi. Ulendo wina khungu lidamuthinanso pakati pa njira, ndiye adalivula mwakachetechete gule ali mkati, n'kukwera tsamba. Asilikali adasenza khungu lopanda munthu mpaka pafupi ndi bwalo, akuyamikirana kuti masiku ano mphamvu zawachuluka. Atazindikira adathamanga kubwerera, n'kumupeza akuwadikira, masaya ali tututu.

"Alamu, mwachedwa," adamuuza Nyerere. "Ndimati mwina mlandu watha."

Chiswamphika poyamba sankadandaula, chifukwa ulendo uliwonse wamlanduyo ankabwera atanenepako. Koma Nangozo adaona mpiru, adaona repu, ndipo kheni ya tsabola idabweranso. Dimba litayetsemula kachiwiri, mabwalo awiri aja adachita chimene sadachitepo: adakhala pamodzi, pakati pa dimba, pa tsamba la dzungu. Bongololo adafika mochedwa. Akuluakulu adanong'onezana, ndipo amene adabweretsa nzeru ndi Kangaude. Adati kukangana n'kwachiyani? Kutsogolo kwa miyendo isanu ndi umodzi kukhale kwa Chiswamphika, kumbuyo kwa zitsa khumi kukhale kwake. Angomudula pakati.

Bwalo lonse lidaomba m'manja. Nyerere adavina popanda nyimbo.

Mbozi adayang'ana kumanja, adaona Chiswamphika akunola mikono. Adayang'ana kumanzere, adaona Kangaude akuyeza ndi chingwe pomwe chifuwa chikuthera. Kenaka m'gulu la amayi adaona Njuchi, namkungwi wa dimba lonse, yemwe ankalanga atsikana pa chinamwali, ndipo adagwada moyang'ana komweko.

"Ndavomera, dulani. Koma amayi anga a Njuchi anene okha ngati adandivinirapo. Ine ndine mwana, dzina langa ndi laumwana. Bwalo la akuluakulu limadula ana?"

Njuchi adaimirira, nakonza nsalu. Adati mwanayo akunena zoona, sadalowepo m'tsimba, ndipo chiyambire dimbali mwana wosavinidwa saweruzidwa pabwalo. Adawonjeza kuti mfumu yolola zoterezi imatupa miyendo. Bongololo adayang'ana miyendo yake, kuyambira woyamba mpaka pomwe maso adalekezera, n'kufuula kuti mwanayo avinidwe, avinidwe lero lomwe. Chiswamphika adafunsa ngati anamwali amadyetsedwa bwino kutsimba. Atamva kuti amatuluka osalala, adavomera.

Choncho Mbozi adapita ndi amayi kunsi kwa tsamba lina pafupi ndi mpanda. Adatulutsa ulusi m'kamwa, nadzimanga nawo m'chiuno kutsambalo, ndipo khungu lake lidauma n'kusanduka kanyumba kopanda khomo. Limenelo ndilo lidali tsimba lake. Amuna adaletsedwa kuyandikira. Amayi ankaimba panja, ndipo tsiku ndi tsiku Chiswamphika ankabwera kudzaima patali n'kufunsa ngati wapsa, kenaka n'kudzikonza msanga kuti amatanthauza ngati wakula. Asilikali a Nyerere adazinga tsambalo kuti pasatuluke kanthu.

Kunena zoona, Mbozi polowa m'menemo ankangofuna kugula masiku. Za mawa adalibe nazo nzeru. Koma ali m'katimo adamva thupi lake likusungunuka ngati mafuta padzuwa, ndipo adachita mantha, adayesa kuitana, kamwa osalipeza. Adayesa kugwedeza zitsa zake zija, sizidayankhe. Kenaka adamva zinthu zina zikumera kumsana, zopindidwa ngati nsalu yatsopano, ndipo atadzifufuza bwinobwino kuyambira kumutu mpaka kumimba, adayamba kuseka. Amayi panja adaona tsimba likugwedezeka, nati namwali akulira, mwambo wamulowa.

Tsiku lotuluka, tsimba lidang'ambika dzuwa litakwera. Adatuluka munthu wa m'chiuno mowonda, wa tinyanga titalititali, wa mapiko oyera. Amayi adaluluta. Njuchi adamupatsa dzina latsopano, Gulugufe, n'kulengeza monga mwa mwambo kuti dzina laumwana lakwiriridwa, ndipo wolitchulanso alipira nkhuku. Mwambo wa nkhukuwu tizilombo tidautengera kwa anthu a kumudzi, tidangoumva n'kuukonda kamvekedwe kake. Poti padalibe amene adaulakwirapo, padalibenso amene adaganizapo kuti nkhukuyo imabwera bwanji.

Koma mapiko a Gulugufe adali onyowa, okwinyika ngati tsamba la nsabwe. Kuuluka sakadatha. Asilikali adamutenga choyenda mpaka pa tsamba la dzungu paja, pomwe Chiswamphika ndi Kangaude adali atakhala kale, wina uku wina uku. Iye adasankha pokhala padzuwa, natambasula mapikowo pang'ono ngati akungodzionetsa, ndipo adapempha mwaulemu wa namwali, maso pansi, kuti popeza adzadulidwa potsata miyendo, amuwerengenso. Adati awerenge mofatsa, zolakwika zidachuluka kale.

Nyerere adawerenga mofatsa. Mutu, chifuwa, mimba. Tinyanga tiwiri. Miyendo isanu ndi umodzi. Kangaude adati abwereze. Adabwereza. Kangaude adazungulira kumbuyo, nasuzumira pansi pa mimba.

"Gawo langa lili kuti?"

"Kayang'aneni m'tsimba, malume, kapena ndidaiwala momwemo."

Kangaude adathamangira kumpanda. Chiswamphika adasekerera mpaka mutu kupendekeka, poti tsopano nyama yonse idali yake. Adati mlandu ndi wapafupi: wa miyendo isanu ndi umodzi uyu adatafuna kabichi, mpiru, repu ndi chainizi. Gulugufe adagwedeza mapiko. M'mphepete mudali mutauma, pakati padakali ponyowa.

"Agogo, pabwalo lanu lino aliyense adaonetsa kamwa. Ine ndekha mundimana?"

Gulu lidati aonetse. Gulugufe adatambasula kamwa lake, ndipo lidali kachingwe kopyapyala kozengezeka ngati nkhata, kobowoka m'kati ngati phesi la udzu. Lidatambasuka, lidatambasuka, mpaka lidakhudza phazi la Bongololo, mfumu n'kudzipinda. Adapempha tsamba la kabichi. Atamupatsa, adaligogoda ndi kachingweko, adalinyambita, adalikankha, adayesa mbali ina, adapuma, adayesanso. Ankachita zonsezi mosafulumira, msana ali kudzuwa. Tsamba lidangokhala chikhalire. Chiwala adayamba kuseka, Nkhululu adatsatira ndi mawu ake osasa, ndipo Njuchi adachitira umboni kuti kamwa lotere ndi lomwera timadzi ta m'maluwa, ngati lake lomwe, silingaboole ngakhale nthenga.

"Ndiye amene adatafunayo ndi wina," adatero Gulugufe. "Mumutchule dzina, agogo, timufunefune tonse."

Chiswamphika adatsegula pakamwa, adayang'ana Njuchi, adatseka. Adati ndi uja. Gulugufe adafunsa kuti uti. Adati uja wobiriwira, wonenepa uja. Gulugufe adadziyang'ana kuyera kwake ndi m'chiuno mwake, nafunsa gulu ngati pali amene akumuona wotereyo. Asilikali a Nyerere adayang'ana pansi pa tsamba la dzungu. M'mimba mwa woweruza mudalira, bwalo lonse lidamva, ndipo njala ya masiku onse aja idamukwera kumutu. Adalumpha n'kuloza.

"Ndiwe! Ndiwe Mbozi iwe, usandipusitse!"

Amayi onse adaimirira nthawi imodzi. Kudali phokoso ngati mng'oma wagwa. Njuchi adazungulira mutu wa woweruza akufunsa ngati mkulu wathunthu, wosunga mwambo, angafukule dzina lokwiriridwa pamaso pa namwali, tsiku lotuluka lenilenilo. Bongololo adasuzumira m'nkhata mwake n'kunena kuti iye sadamve kanthu, koma mwambo ndi mwambo. Adagamula pomwepo kuti Chiswamphika sakhalanso pampando, ndipo sakhudza namwaliyo, kufikira atabweretsa nkhuku pabwalo. Yamoyo, adawonjeza Njuchi. Yoyera.

Chiswamphika adapita ndithu kumudzi kwa Nangozo, poti njala imalimbitsa mtima. Adafika pakhola n'kusuzumira. Nkhuku yoyera idalipo. Idatembenuza mutu n'kumuyang'ana ndi diso limodzi, kenaka idatembenuza n'kumuyang'ana ndi linalo, nisendera. Mmene adabwerera kudimba palibe amene adamuona, adangomupeza ali pa nthambi ya therere, manja atawapinda pachifuwa, akupempha amayi kuti amukhululukire nkhukuyo, abweretse china. Amayi adakana. Mpaka lero mukampeza, manja ali chipindire, akupepesabe.

Nthawi imeneyo mapiko a Gulugufe adali atauma kalekale. Adawakupiza kamodzi, nakwera pamwamba pa bwalo, akupepesuka uku ndi uku ngati woledzera, chifukwa kuseka kunkamulepheretsa kuuluka mowongoka. Masiku otsatira ankaoneka pa kabichi watsopano yemwe Nangozo adawokera. Ankatera pa tsamba lililonse, n'kupinda mimba kunsi kwake mwaulemu, n'kupita pa lina. Nyerere adakwera kukaona, napeza timibulu tachikasu titandandalikidwa bwinobwino kunsi kwa tsamba.

"Alamu, izi mukusiyazi n'chiyani?"

"Mikanda ya chinamwali, alamu. Mundisungire, isanyowe."

Ndipo Nyerere adaika asilikali kuti ailondere.

Yathera patsamba pomwepo. Amene adakwirira mbatata paphulusa akaifukule, ingapserere.